Mapaipi Anayi a ku Nuaija

Ndikamauza anthu kwathu ku Luchenza kuti kuno ku Doha ndimagwira ntchito yotenthetsa nyumba, amaseka mpaka kugwira nthiti. Amati dziko lotentha ngati uvuni wa njerwa, iwenso n'kumakasonkhezera moto? Sindiwatsutsa, chifukwa nanenso ndinkaganiza choncho. Koma mu Januwale kumabwera mphepo yochokera kumpoto, youma, yolowa mpaka m'mafupa, ndipo nyumba za kuno anazimanga kuti zizithamangitsa kutentha, osati kusunga. Pansi ndi miyala yosalala, makoma ndi ochindikala. Munthu wokalamba akagona m'menemo amazizidwa kuposa wa ku Dedza mu Juni.

Ine ndinabwera kuno ngati mlonda. Pepala langa la upulambala, pamodzi ndi zaka zisanu ndi ziwiri zimene ndinasamalira maboyila pa fakitale ina ya tiyi ku Thyolo, ndinazipinda n'kuika pansi pa sutikesi. Ajenti wopezera anthu ntchito anati malo alipo a ulonda basi, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zaka ziwiri ndinaima pa geti la nyumba yansanjika ku Al Nasr, maola khumi ndi awiri pa tsiku, kutsegulira magalimoto ndi kupatsa moni anthu osayankha. Kovidi itabwera anandiwonjezera udindo woloza kamfuti koyezera kutentha pamphumi pa aliyense ndi kuona ngati foni yake ikuonetsa zobiriwira, chizindikiro choti alibe matendawo.

Tsiku lina pampu yokweza madzi m'nyumbamo inayamba kuchucha. Kampani yokonza inatumiza injiniya yekha, chifukwa antchito ake anali atatsekeredwa ku kampu kwawo matenda atalowako. Injiniyayo anali bwana Samir, munthu wamfupi, wachangu, wolankhula ngati wina akumuthamangitsa. Nditawaona akulimbana ndi nati atavala malaya oyera, manja anandiyabwa. Ndinapempha sipanala, ndinasintha kalabala kotsekera madzi, pampu n'kusiya kudontha. Anandiyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato.

"Iwe, pa geti ukutanipo?"

Funso limenelo linandikhala pamtima miyezi ingapo. Nthawi imeneyo munthu sukanasintha ntchito popanda kalata ya abwana ako yokumasula, ndipo kampani yathu ya ulonda kalata imeneyo inkaiumira ngati chimanga cha mbewu. Kenako chakumapeto kwa 2020 lamulo linasintha, kalatayo inatha ntchito. Ndinalemba zofunika pa foni, ndinapereka notisi, ndinadikira. Tsiku lomaliza kapitawo wa alonda analandira yunifolomu yanga n'kunena kuti, "Zikakakukanika uko usadzabwere kuno. Khalas, zatha."

Ku kampani ya a Samir anandilemba kuti ndiyambe ndi miyezi itatu yoyesedwa. M'miyezi imeneyo bwana akhoza kukuchotsa osataya thukuta, ndipo m'nyengo imene makampani ankangochepetsa anthu, kuchotsedwa kunali kukwera ndege yobwerera kwanu. Kunyumba mkazi wanga anali atauza kale mpingo wonse kuti bambo a ana tsopano ndi atekinishani. Ana atatu, onse a sukulu. Mantha ndinali nawo, sindibisa. Anzanga ogona nawo chipinda chimodzi ku Al Muntazah anandilangiza ngati mkwatibwi.

"Aise, kuno si kwathu," anatero mmodzi, woyendetsa basi. "Pa probation sulankhula. Bwana akati mbuzi ili ndi miyendo isanu, iwe uziti yes sir, wachisanuwo ndauona."

Malangizo amenewo ndinawameza onse osatafuna.

Ntchito yanga yoyamba yaikulu inali ku Nuaija mu Disembala, pa nyumba yakale ya mpanda wautali. Kuseri kwa khitchini kunali kachipinda ka boyila ya dizilo, chitsulo chachikulu ngati ng'ombe yogona, chakuda ndi mwaye. Inkatenthetsa madzi, madziwo n'kumayenda m'mapaipi okwiriridwa pansi mpaka m'marediyeta, zitsulo zamizeremizere zomangirira kukhoma m'zipinda. Vuto lake inkadziwa zinthu ziwiri zokha, kutenthetsa nyumba yonse kapena kuzizitsa nyumba yonse, ndipo inkanunkha utsi. Mwini nyumba ankafuna makina amagetsi, komanso kuti nyumba igawidwe panayi, chigawo chilichonse ndi kutentha kwake. Chifukwa chenicheni chinali mayi ake, munthu wokalamba kwambiri, amene anali atangotuluka m'chipatala Kovidi itawasiyira mapapo ofooka. Ankapuma mothandizidwa ndi makina a mpweya, ndipo madokotala anati asamazizidwe.

Tinatseka dizilo, wotsala m'thanki tinapopera m'madiramu, tinakhetsa madzi akale akuda ngati khofi. Boyilayo sikanatuluka pakhomo, ndiye ndinaidula patatu ndi galainda, masiku awiri ndikulavula mwaye. Panja tinaika hiti pampu, makina ooneka ngati eyakoni yaikulu amene amatenthetsa madzi ndi magetsi. M'kachipinda muja tinaika thanki yatsopano, pampu, ndi chimene timachitcha manifodi, paipi yonenepa yamkuwa yokhala ndi nthambi zinayi, nthambi iliyonse ndi vavu yake yamagetsi. Chigawo chilichonse cha nyumba chinalandira themositati, kabokosi kopanda waya kokhala ndi manambala. Chipinda chikazizira, kabokosi kamauza vavu kuti itseguke. Chikafunda, vavu imatseka. Ntchito yonse yagona pa chinthu chimodzi, choti kabokosi kalikonse kazilamula vavu ya chipinda chimene kakhalamo.

Mapaipi akale tinawasiya momwemo, chifukwa palibe ankafuna kuphwanya pansi. Ankatulukira m'kachipinda muja m'magulu anayi, opanda dzina lililonse. A Samir anabwera ndi pulani ya nyumbayo, pepala lachikasu ndi ukalamba limene mwini nyumba analipeza m'kabati ya malemu bambo ake. Pulaniyo inkati paipi yoyamba ndi ya majilisi, yachiwiri ya pabalaza, yachitatu ya chipinda chogona cha pansi, yachinayi ya zipinda zam'mwamba. Majilisi ndi kumene amuna a pakhomo amalandirira alendo, ndipo pa nyumba iyi kanali kanyumba kapadera pafupi ndi geti. Mwini nyumba anali atanena kuti mayi ake amagona pansi. A Samir anangoti, ndiye kuti mayi ndi nambala 3.

Kukaona ndi maso sindikanatha. M'nyumba ngati zimenezi mwamuna wachilendo salowa chisawawa mbali ya amayi, ndipo ndi matenda aja ngakhale mwini nyumbayo ankalowa atavala masiki awiri. Malire anga anali kachipinda ka boyila, bwalo ndi majilisi.

Tisanalumikize, paipi iliyonse timaitsuka payokha, kupopamo madzi ndi mankhwala mpaka dzimbiri litatha. Ndikutsuka yachitatu ndinapita ku galimoto kukatenga ndowa, ndipo podutsa pa zenera la majilisi ndinamva marediyeta akulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Ndinaima. Paipi imene ndinkapopa inali ya chipinda chogona, nanga m'majilisi mukuliriranji? Ndinabwerera n'kuzimitsa pampu, phokoso linatha. Ndinayatsa, linayambiranso.

A Samir ndinawapeza ali ndi mafoni awiri, ina kukhutu ina m'manja.

"Bwana, paipi yachitatuyi ndikuikayikira."

"Pulani ikuti chiyani?"

"Ikuti chipinda chogona cha pansi."

"Ndiye? Unajambula pulaniyi ndiwe? Yalla, fulumira, lemba manambala, mawa tili ndi nyumba ina."

"Yes sir."

Manambalawo ndinalemba ndi inki yosafufutika, ndi dzanja langa lomweli. Kuyesa koyenera ndinkakudziwa. Umatsegula vavu imodzi, zina zonse zili zotseka, wina n'kupita kukagwira rediyeta, kenako yachiwiri, mpaka zonse. Zimadya theka la tsiku. Ife tinatsegula zonse zinayi pakamodzi, nyumba yonse inafunda, mwini nyumba anasangalala n'kusayina. A Samir anajambula bokosi la mawaya ndi foni yawo, monga ankachitira nthawi zonse. Lamulo lawo linali lakuti palibe wogwira waya akajambula, ndipo mwezi womwewo anali atachotsa munthu chifukwa cha zimenezo.

Kabokosi ka nambala 3 ndinakapereka pa khomo la khitchini. Anatuluka nesi wovala zabuluu, mayi wamkulu kuposa ine, wamagalasi. Anawerenga dzina langa pa ovololo n'kutsitsa magalasiwo.

"Mbewe? Mwaswera bwanji, achimwene?"

Ndinatsala pang'ono kugwetsa kabokosi. Anali a Nankhoma a ku Dedza, nesi amene banjali linamulemba kuti azisamalira odwalawo usana ndi usiku. Tinacheza mphindi ziwiri za kumudzi, tinapatsana manambala, ndipo anandiuza kuti kabokosiko akaika pa tebulo pafupi ndi bedi. Za phokoso la m'majilisi sindinatchule. Disembala ameneyo kunali kofunda, ndipo ndinadzinamiza kuti mwina mapaipi amangopatsirana phokoso pansi pa nthaka.

Mphepo inafika pakati pa Januwale, Lachitatu. Madzulo ake a Nankhoma anaimbira ku ofesi kuti chipinda cha odwala chikuzizira ngakhale akweze manambala. A Samir sanaganize kawiri. Anati ndi mpweya walowa m'mapaipi, Mbewe apite mawa akautulutse.

Lachinayi m'mawa ndinalowa m'kachipinda muja ndekha n'kugwira mapaipi. Yachitatu inali yotentha moti sukanaigwira nthawi yaitali. Yoyamba inali yozizira ngati botolo la m'firiji. Apo zonse zinaoneka poyera. Nesi akakweza kabokosi ka odwala, kankatsegula vavu yachitatu, kutentha n'kupita ku majilisi. Kabokosi ka m'majilisi kakamva kutentha kankatseka vavu yoyamba, imene inali ya chipinda cha odwala. Mayi aja akamazizidwa kwambiri, majilisi ankapsa kwambiri, ndipo majilisi akamapsa, chipinda chawo sichikanalandira ngakhale dontho la madzi otentha.

Kukonza kwake kunali kusinthanitsa mawaya awiri, ntchito ya mphindi khumi. Sikuludiraiva inali m'thumba langa. Koma kugwira mawayawo kunali kuswa lamulo, ndipo kupempha chilolezo kunali kuuza a Samir kuti analakwitsa, ineyo ndinadziwa kalekale, ndipo tinasayinitsa munthu ntchito yosayesedwa. Pa miyezi itatu ija panatsala masabata awiri okha. Ndinaima pamenepo ndikuwerenga masiku pa zala. Ndinadziuza kuti mphepo ya kuno sikhalitsa, pofika Loweruka idzakhala itapita, ndipo akadzandilemba ntchito yokhazikika ndidzabwera kudzakonza mwakachetechete. Ndinatsegula timavavu totulutsira mpweya, panatuluka madzi okhaokha, ndinalemba pa pepala kuti mpweya watulutsidwa.

A Nankhoma anandidikira pa khomo la khitchini atavala juzi pamwamba pa yunifolomu.

"Zatheka, achimwene?"

"Tiyeni tione mawa, mayi."

Mawa lakelo linali Lachisanu, tsiku langa lopuma. Ndinali pa denga ku Al Muntazah ndikuyanika zovala, mphepo ikundilanda malaya m'manja, pamene foni inalira cha m'ma 1 koloko masana. A Samir sanapereke moni. Anati nditsike, ali panja.

Ku Nuaija tinapeza zodabwitsa. Zitseko za majilisi zinali zotsegula, eyakoni ikulira mkatimo mu Januwale, ndipo abale awiri a mwini nyumba amene anabwera atachoka ku mapemphero anali ataima pabwalo akupukuta thukuta. Mwini nyumba anali munthu wamtali wosakweza mawu, ndipo anthu otero ndi amene ine ndimawaopa. Anati alendo ake akupsa, mayi ake akunjenjemera tsiku lachitatu, ndipo akufuna kumva chifukwa.

A Samir anayamba kuyala nkhani. Anatchula mpweya, anatchula mapaipi akale, kenako anandiloza ndi chibwano.

"Tekinishani uyu ndi watsopano, dzulo sanagwire bwino. Mbewe, khetsa madzi onse, tidzazenso. Mafi mushkila, palibe vuto, pofika mawa zikhala bwino."

Mtima unandiwira. Kukhetsa madzi onse kunali kuzimitsa nyumba yonse mpaka mawa, ndipo mawalo zinthu zikanakhala chimodzimodzi. Komabe miyendo yanga, yozolowera kumvera, inayamba kupita ku kachipinda kuja. Ndikudutsa pa khitchini, a Nankhoma anatuluka. Analankhula Chichewa, motsitsa mawu, moti pabwalo ponsepo tinamvana awiri okha.

"Achimwene, taimani. Mayiwa oxygen yawo yatsika kuyambira m'mawa. Ndawafunditsa mabulangeti atatu. Heater sindingaike pafupi ndi oxygen, mukudziwa. Mundiuze zoona kuti ndidziwe ngati ndiitane ambulance. Chavuta mukuchidziwa kapena simukuchidziwa?"

Bwana ukhoza kumunamiza m'Chingerezi, mawu amangoterereka. Koma mayi wakwanu akakufunsa m'chinenero chimene mayi ako ankakudzudzulira, bodza limakana kutuluka.

"Ndikuchidziwa, mayi."

"Kuyambira liti?"

"Dzulo ndinatsimikiza. Koma kukayikira ndinayamba mu Disembala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi aja.

"Ndiye mukudikira chiyani? Maliro?"

Ndinabwerera pabwalo. Sindinayang'ane a Samir. Ndinalankhula ndi mwini nyumba mwachindunji, chinthu chimene wantchito wa msinkhu wanga sachita bwana wake ali pomwepo. Ndinati m'mapaipi mulibe mpweya, zigawo ziwiri zasinthana, ndipo andipatse theka la ola ndiwaonetse.

"Pulani ikunena momveka," anatero a Samir, nkhope itafiira. "Mbewe, pita ukachite zimene ndakuuza."

"Musiyeni," anatero mwini nyumba. "Theka la ola."

Mavavu amenewa ali ndi kachogwirira kotsegulira pamanja. Ndinatseka yachitatu, ndinatsegula yoyamba, ndinaimbira a Nankhoma kuti aike dzanja pa rediyeta ya m'chipinda cha odwala, chakumunsi kumene paipi imalowera. Foni ndinaikweza mawu. Amuna atatu tinadzazana m'kachipindako, pampu ikung'ung'udza. Madzi otentha amayenda pang'onopang'ono m'paipi imene yazizira masiku atatu.

"Pakadali pozizira," anatero a Nankhoma patapita mphindi zisanu.

A Samir anayang'ana wotchi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndalakwitsa, mwina paipi yoyamba inatsekeka ndi dzimbiri, mwina ndadzichotsa ntchito pachabe.

"Palibe chilichonse, achimwene."

Mphindi khumi. Khumi ndi ziwiri.

"Dikirani. Dikirani kaye. Eya, yayamba. Kumunsiku kwafunda."

Ndinamasulira mawuwo m'Chingerezi, ngakhale panalibe wofuna womasulira. Mwini nyumba anatenga pulani ija m'manja mwa a Samir n'kuiyang'anitsitsa koyamba.

"Iyi ndi nyumba ya nthawi ya bambo anga," anatero. "Majilisi anali mkati, kutsogolo. Mayi atayamba kulephera masitepe tinawasamutsira m'menemo, ndipo kanyumba ka panjaka, kamene kanali kogona alendo, tinakasandutsa majilisi. Zaka khumi zapita. Bwanji palibe anandifunsa?"

Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo tinadya awiri, ine ndi bwana wanga. Ndinazimitsa magetsi, ndinasinthanitsa mawaya awiri aja, ndinafufuta manambala anga ndi sandipepala n'kulemba atsopano. Kenako ndinayesa zigawo zonse zinayi, chimodzichimodzi, a Nankhoma akuyenda m'zipinda ndi foni. Dzuwa lisanalowe chipinda cha odwala chinali chitafunda, m'majilisi eyakoni itazimitsidwa.

Pobwerera tinaima pa maloboti a ku Al Muntazah. Pamenepo a Samir anati, "Wandichititsa manyazi pamaso pa kasitomala." Ndinafuna kuwakumbutsa za mafoni awiri aja ndi mawu awo akuti unajambula pulaniyi ndiwe. Ndinameza. Lamlungu ku ofesi ndinapeza kalata yondichenjeza, yonena kuti ndinalephera kutsimikiza zigawo ndisanalumikize komanso ndinalemba lipoti labodza Lachinayi, ndipo miyezi yoyesedwa yawonjezedwa kufika isanu ndi umodzi. Dzina la a Samir munalibe. Ndinapsa mtima. Chondiwawa kwambiri chinali chakuti m'kalatamo munalibe bodza ngakhale limodzi. Ndinasayina.

Lolemba a Nankhoma ananditumizira uthenga kuti mayi aja awatengeranso ku chipatala, chibayo chawagwira. Ndinawaimbira pa nthawi ya nkhomaliro, nditabisala kuseri kwa galimoto.

"Mayi, kodi ndi kuzizira kuja?"

"Sindingakuuzeni kuti eya, sindingakuuzeni kuti ayi. Mapapo aja anali ofooka kale. Koma amene ndinawagwira manja masiku atatu aja akunjenjemera ndine, achimwene. Inu munali ndi screwdriver m'thumba."

Mayi aja anamwalira ku chipatala konko mu Febuluwale.

Ntchito sinandithere. Miyezi isanu ndi umodzi inakwana, anandilemba mokhazikika, ndipo ana anga akupitiriza sukulu. Panopa nyumba zambiri zotere amandipatsa ndekha. Paipi imene sindinatsimikize kumene ikupita sindiilemba nambala, pulani inene zimene ikunena. Ndisanagwire sipanala ndimafunsa mwini nyumba ngati chipinda china chinasinthidwapo ntchito chimangireni nyumbayo. Kumene sindingalowe ndimapempha mayi wa m'nyumbamo, kaya nesi kaya wophika, kuti aike dzanja pa rediyeta foni ili kukhutu, ndipo timayenda vavu imodziimodzi. Mabwana amadandaula kuti ndimawadyera theka la tsiku. Theka la tsikulo ndimalitenga basi, wina akalipe asakalipe.

Ku Nuaija ndimapitabe chaka chilichonse mu Novembala kukatsuka sefa ndi kuyesa mavavu. Zonse zimayenda bwino. Vavu yoyamba imatseguka pa nthawi yake, ndipo chipinda chija chimafunda m'mphindi khumi ndi ziwiri, koma mulibe wogonamo.